Chipinda cha Maloko Awiri

Ku Luchenza kunali bambo wina woweta nkhuku. Anali wolimbikira ndithu, koma kukayikira anthu, eee, anachita kunyanya. Ukamupatsa moni, ankayamba wakuyang'ana m'manja.

Atatopa ndi kuzimazima kwa magetsi, anaganiza zoika sola. Anaitana mmisiri, Mayi Nangozo, amene anabwera ndi kakompyuta kawo. Mmenemo munali pulogalamu yowerengera. Ukaiuza zonse zodya magetsi m'nyumba ndi maola amene zimayaka, imakuuza kuti pafunika mapanelo angati ndi batire lalikulu bwanji.

"Bambo, nditchulireni zonse za magetsi zimene muli nazo," anatero mayiwo.

Mumtima bamboyo anati, "Aa! Ndiulule katundu wanga kwa mlendo, iye n'kumalemba? Mawa mndandandawu ukhala uli m'manja mwa mbava." Anatchula mababu asanu, wailesi ndi kutchaja mafoni. Koma kuseri kwa nyumbayo kunali chipinda cha maloko awiri, momwe munali makina oswera mazira, ofunika kuyaka osapuma. Chimenecho sanachitchule.

"Basi zomwezi?"

"Zomwezi, mayi. Ife ndife osauka."

Kompyuta inati mapanelo awiri ndi batire limodzi zikwana. Mayiwo anaika, napita. Fumbi lawo lisanathe n'komwe, bamboyo anakoka waya wake mobisa, kudutsa kudenga mpaka m'chipinda chija, naika mazira mazana atatu. Chiyembekezo chake chonse cha chaka chimenecho chinali pa anapiye amenewa.

Dzuwa likuwala, zinthu zinkayenda mokakamiza. Kenako kunagwa chiperoni. Inu mukuchidziwa, masiku atatu dzuwa osalionako. Batire linatheratu, makina n'kuzima. Mazira anali atatsala masiku anayi okha kuti aswe.

Bamboyo anaimbira mayiwo foni mwaukali: "Mwandiikira mapanelo achinyengo!"

Mayi Nangozo anafika dzuwa litasuzumirako pang'ono. Anayeza mapanelo, abwinobwino. Anayeza batire, linalibe vuto. Anakwera padenga kuona ngati mtengo wa mapeyala ukutchinga, ayi. Kulikonse kumene apita, mwini nyumba ali pambuyo, maso ali pa zala zawo. Anatsegula kompyuta, nalowetsanso manambala onse, naonjezera ngakhale masiku a mitambo. Yankho linali lomwelo: magetsi amayenera kukwana.

"Kompyuta yanuyo ndi yabodza," anatero bamboyo. "Munapangana ndi ogulitsa mabatire, ndikudziwa."

Apa mayiwo nawonso anayamba kukayikira. Anazimitsa mababu onse ndi wailesi, nazula mafoni. Koma kachipangizo kawo koyezera kankaonetsabe kuti magetsi akutuluka.

"Bambo, zonse tazimitsa, koma chilipo chikudya. Muli chinthu muno chimene simunandiuze."

"Mwina aneba akuba," iye anatero, osawayang'ana kumaso.

Mayiwo anangotsatira waya ndi maso, mpaka anaima pa chitseko cha maloko awiri. Bamboyo thukuta kamukamu, kunja kukuzizira chonchija. Anatsegula. Mayiwo anagwira dzira limodzi, nagwiranso lina. Ngakhale makina anali atayakanso, mazirawo anali atazizira kalekale ngati miyala ya mumtsinje. Panalibe mwanapiye ndi mmodzi yemwe wopulumuka.

Chifundo chinawagwira. Anati, "Bambo, tsiku lija ndinabwera ndi mapanelo asanu ndi atatu m'galimoto. Asanu ndi limodzi ndinabwerera nawo."

Abale anga, nkhaniyi imandiwawa, chifukwa bambo ameneyu ndimamuona pano Lamulungu lililonse, ndipo nthawi zina amaima pa guwa pomwe pano. Tikagwada pamaso pa Mulungu timatchula timababu. "Ambuye, ndinapsako mtima pang'ono." Koma chimene chikutidya usana ndi usiku, chidani chija, chigololo chija, mantha aja, timachikhomera kuseri. Timamuopa Mulungu ngati kazitape wodzationera katundu. Ndiye kukagwa chiperoni cha moyo, timayamba kuloza zala: pemphero silikugwira ntchito, abusa ndi onyenga, mpingo uwu ulibe mphamvu.

Mulungu si kompyuta, chipinda chanucho amachidziwa kale. Koma sathyola maloko, amadikira kuti mutsegule nokha. Chisomo chimene mukuti n'chochepacho, Iye anabwera nacho chodzaza. Ndinu amene munamuuza kuti abwerere nacho.