Mayi Wobisa Manja M'chitenje

Panali mayi wina amene mwana wake wa zaka ziwiri anatuluka mphere thupi lonse, kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Mwanayo ankadzikanda mpaka kutuluka magazi. Kuchipatala anawapatsa mankhwala opaka, ndipo mayiyo sanaphonye langizo ndi limodzi lomwe. Ankamusambitsa, kumupaka, kumuwenga zikhadabo, timalaya take n'kuwiritsa. Kumunda analeka kupita, udzu n'kupitirira chimanga.

Zilonda zikauma, mtima unkakhala pansi. Pakangotha masabata atatu, tiziphuphu tija tabwereranso. Anayambiranso kachiwiri, kenako kachitatu. Anatopa mayi uja, kutopa koti mwana akalira ankangomuyang'ana, msana uli kuwawa ndi mitolo ya nkhuni zowiritsira zovala.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sankauza munthu. Nayenso manja ankamuyabwa pakati pa zala. Kwawoko mphere ankati ndi nthenda ya anthu auve, pamene iye ndi amene ankatchuka ndi ukhondo, moti paukwati uliwonse ankamusankha kugawa chakudya. Ndiye akafika kuchipatala ankapinda manja m'chitenje, mankhwala n'kulandira a mwana yekha.

Ulendo wachinayi, namwino wina wachikulire anamuyang'anitsitsa mwanayo nati, "Mayi, kusamala mukusamala, ndaona. Koma akachira, amamunyamula ndani? Tandionetsani manja anu."

Pabenchi panali amayi atatu a m'mudzi mwa mayiyo, makutu ali tcheru. Mayi uja anawayang'ana. Anayang'ananso kamsana ka mwana wake, kali zipsera zokhazokha. Kenako anatulutsa manja, natambasula zala zonse khumi.

Tsiku limenelo anapaka onse awiri, ndipo chitenje choberekera nachonso chinalowa mumphika wowiritsira zovala. Nkhani inafika kumudzi iye asanafike. Paukwati wotsatira anamupatsa ntchito yotola nkhuni, ndipo zinamupweteka. Koma mphere sizinabwerenso, mwana anayamba kusewera osadzikanda.

Inu makolo amene mwatopa ndi kudzudzula, mukuti mwana wanu sakumva, bodza ndi mkwiyo zikungobwererabe, ndikudziwa kuti mwayesetsa. Koma musanathyole shamu kachinayi, tulutsani manja anu m'chitenje muwaone. Mwina chimene mukuchotsa pa mwanayo, ndinu nomwe mukumubwezera pomunyamula.