A Mvuu Atenga Mbali Yaikulu

Kalekale, nyama zisanayambe manyazi ovina pagulu, kudambo la Chisenjere kunali kagulu ka zisudzo. Tili limodzi, ana inu? Nanunso akuluakulu kumbuyoko, musanamizire kusinza.

Mtsogoleri wake anali Nkhululu, kanthu kochepa thupi, koma mawu ngati wenzulo. Iyeyu anapeka sewero la nyimbo loti ana ndi makolo adzaonere pamodzi. Oimba anali ana a Chule, khumi ndi awiri. Anayeserera miyezi itatu mpaka mawu kusasa. Nkhululu anawalonjeza kuti, "Tsiku limenelo amayi anu adzakumvani mukuimba."

Kutatsala sabata imodzi, kunamveka di! di! di! Anali a Mvuu, eni ake bwalo loyesererapo.

"Bwalo ndi langa ili. Ndisewera nawo."

"Takulandirani, bwana. Mbali iti?"

"Ya bambo."

Anawapatsa. M'mawa mwake akuti, "Ya mayi nayonso." Anawapatsa. Tsiku lachitatu akuti, "Nyimbo zonse ndiimba ndekha. Tianati tizingowomba m'manja." Atati ayasamule kuti ayambe, hooo! Mbalame zonse mumtengo balalabalala! Ana a Chule misozi chuchuchu. Nkhululu zinamuwawa, ndithu zinamuwawa.

Ndiye ananong'oneza Chule, kunong'ona kwake komveka mpaka kutsidya. "Mwayi wathu, mbali yaikulu ija sanaidziwe."

Timakutu ta a Mvuu tinaima njo! "Iwe, ukundibisira chiyani?"

"Aa, n'njovuta imeneyo, bwana. Ya Mpondamatiki. Sachoka pabwalo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nyimbo iliyonse imatama iyeyo."

"Ndi yanga! Zinazi tengani, n'zachibwana. Mawu anga ndi ati?"

"Oloweza mawu ndi ife osauka, bwana. Inu mungobwera Loweruka. Koma lamulo la zisudzo mukulidziwa. Wotaya mbali yake anthu akuonerera, salowanso m'sewero, ndipo dambo lonse limamuseka."

"Ukuphunzitsa ine, kachilombo iwe?"

Loweruka masana, dzuwa lili phwee, nyama zinadzaza bwalo. Nkhululu anagoneka a Mvuu pakatikati, n'kuwafunditsa mikeka isanu. Kenaka anakwera pachitsa.

"Amayi ndi abambo, ana nonse, sewero lathu ndi Maliro a Mpondamatiki!"

Pansi pa mikeka panamveka fuu! Koma kudzuka adzuka bwanji, maso onse ali pa iwo? Anangoti zii.

Ana a Chule anayamba kuimba. Ee, anaimba anawo! Amayi awo nthungululu lululu! Ntchentche zinatera pamphuno pa a Mvuu, iwo zii. Anawo anakwera pamimba, kuvina pomwepo, mimba ikulira bu! bu! bu! Iwo zii. Thukuta kamukamu. Atati basi ndadzuka, inayamba nyimbo yotamanda malemu:

"Anali wofatsa, ee! Anali wopatsa, ee! Za ana sankalanda!"

Bwalo lonse linagwa nalo phwete, mpaka Ng'ona kugubuduka. Koma a Mvuu pansi pa mikeka mtima unangoti myaa. Chibadwire anali asanamvepo wina akuwanenera zabwino. Anagonanso bwinobwino, kuopa kuti nyimbo ingathe msanga.

Sewero litatha, mayi a ana a Chule aja anabwera n'kugwada.

"Bwana, ndiye mwaseweratu! Zaka zonsezi sitinakuonenipo mutachita chinthu chokondweretsa mudzi ngati lero."

A Mvuu anadzisasa fumbi, khungu litang'aluka ndi dzuwa, n'kuyang'ana gulu lonse ndi diso lofiira.

"Mwamva nonse? Chaka chamawa maliro ndi ine ndemwe. Wina asayerekeze!"

"Ndani angakulandeni, bwana?" anatero Nkhululu.

Nthano yanga yafika pamchira, yathera pomwepa. Ana inu, mukadzakumana ndi wamkulu wofuna zonse, musadzalimbane naye. Mudzangomufunditsa ulemu, azigona, inu ntchito izipita. Akuluakulu kumbuyoko mwakhaliranji chete? Sindinatchuletu dzina la munthu ine.