Kwinini wa Che Usumani

Kalelo, dziko lino likadali Nyasalande, pa Ntaja panali telala wina dzina lake Che Usumani. Makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo mkanjo wosoka iye unkadziwika ndi msoko wowongoka ngati njanji. Anali munthu wansangala koma waphuma. Ulusi ukapotana sankamasula, ankangodula.

Kutatsala masabata awiri kuti mwana wake Nafisa akwatiwe, malungo anamugwetsa. Nsalu ya diresi la mkwatibwi inali yodula kale, ikungodikira singano. Mkazi wake, Abiti Swaibu, anamuperekeza kukachipatala ka mishoni komwe kunali namwino wodekha, mayi Bernadetta. Namwinoyo atamupima, anamukulungira mapiritsi a kwinini m'kapepala.

"Bambo, limodzi m'mawa, lina masana, lina madzulo, mutadya kaye, kwa sabata yathunthu. Musaphatikize."

"Sabata yonse, mayi? Nanga nditamwa ambiri kamodzi, sindingadzuke msanga?"

"Iyayi, bambo. Thupi lili ngati munda. Mvula yowaza imalowa pansi, koma yamkuntho imakokolola ndi mbewu zomwe. Piritsi lililonse limafuna nthawi yake kuti lisungunuke m'mimba n'kulowa m'magazi."

Che Usumani anavomera ndi mutu, mtima uli kudiresi. M'mawa mwake, mkazi wake atapita kuchitsime, anameza mapiritsi asanu ndi limodzi m'mimba muli pululu, n'kudzikokera kumakina kuja.

Dzuwa lisanafike paliwombo, m'makutu mwake munayamba kulira nyenje. Kenaka kunabwera chizungulire, n'kusanza mpaka ndulu. Koma chomwe chinamuopsa kwambiri ndi maso: atakweza singano kuti alowetse ulusi, anangoona nkhungu. Telala wopanda maso adyanji? Anthu anamunyamula pamachira kubwerera naye kuchipatala, Abiti Swaibu akulira m'mbuyo.

Mayi Bernadetta sanakalipe. Anatambasula kapepala kaja, n'kuona mapiritsi otsala, ndipo anadziwa zomwe zachitika. Anamugoneka, namumwetsa madzi pang'onopang'ono, n'kuimitsa kaye mankhwalawo kuti thupi lipume.

"Mayi, ndidzaonanso?" anafunsa Che Usumani.

Namwinoyo anachita kuwerama n'kukweza mawu, poti makutu a wodwalayo anali atatseka. "Kusanza kuja kwakuthandizani, ambiri sanalowe m'magazi. Tidikire, bambo."

Patapita masiku atatu nkhungu ija inayamba kuyera. Kwinini anayambiranso, koma tsopano ankachokera m'dzanja la namwino, limodzi limodzi, pambuyo pa phala. Mayi Bernadetta ankaima pompo mpaka piritsi litatsika.

"Yasamulani ndione," ankatero.

"Ha, ine wa imvi kundiyang'ana m'kamwa ngati mbuzi ya pamsika!" Onse awiri ankaseka.

Malungo omwe akanatha m'sabata imodzi anamusunga pamphasa ya kuchipatala masiku khumi ndi awiri. Anatuluka ukwati uli mkuja, manja akadali olefuka. Diresi lija n'kuti Abiti Swaibu atalipereka kale kwa Che Sadiki, telala wa tsidya la msewu, yemwe Che Usumani ankakonda kumunena kuti amasoka ngati akuluka nkhokwe.

Tsiku la ukwati, Che Usumani anakhala pamthunzi wa mango, akumva nthungululu ndi makutu ake, akuona mwana wake ndi maso ake. Nafisa atagwada kudzamulonjera, iye anagwira mpendero wa diresi, n'kuutembenuza, n'kuuyang'anitsitsa.

"Wakhota pang'ono apa," ananong'oneza mkazi wake, "koma wasoka ndithu mnzangayu."

"Mukanamvera anamwino, bwenzi pali msoko wanu," anayankha Abiti Swaibu.

Che Usumani anaseka mpaka misozi, nathokoza Mulungu kuti diresi la mnzakelo akuliona n'komwe. Kunena zoona, kuthamanga sikufika.