Injini ya Msinkhu Wawo

Padangotero, ana inu, kalekale nyama za kumtunda ndi za kumadzi zikukwatirana popanda wodabwa. Khalani pansi bwino, ndipo amene akutafuna nzimbe atafune mwakachetechete.

Kumapiri kunali Njati, mnyamata wa chifuwa chotambalala, mwini ngolo yonyamula njerwa. Tsiku lina anatsikira ku nyanja ya Chilwa kukagula matemba, koma maso ake anagwera pa Elube, mwana wa mai Katumbu. Anafunsira, ankhoswe anakumana, basi Njati analowa chikamwini. Anamanga kanyumba kake kuseri kwa mpanda wa bango wa apongozi ake.

Pabanja la a Katumbu chuma chinali chimodzi chokha, boti la matabwa. Amene analikhoma anali mlongo wawo wa mai Katumbu, malemu tsopano, ndipo botilo linali lokalamba kuposa ana onse a pakhomopo. Palibe amene ankalitchula kuti boti. Ankati Amalume. Likayamba kulowa madzi ankati, "Amalume adwala." Akalimata ming'alu ndi phula ndi nsanza ankati, "Amalume apezako bwino." Njati akamva zimenezi ankaseka mpaka nyanga kugwedezeka. Iye ankangolitchula kuti chibokosi.

Pakhomopo panalinso lamulo losachita kulengeza, loti mkamwini amadya malinga boti likuyandama ndi kubweretsa nsomba. Mwamuna wa mkulu wake wa Elube anataya khoka panyanja, ndipo anachoka pamudzipo mkeka uli kukhwapa. Pajatu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Njati ankaidziwa bwino nkhaniyi.

Chaka chimenecho nsomba zinathawira kutali, pakatikati pa nyanja. Vuwo anali ndi injini. Ng'azi anali ndi injini. Ngakhale Nkhanu, amene chibadwire sanayendepo mowongoka, anali ndi injini. M'mawa ankanyamuka phuphuphu, ndipo ankabwerako maboti odzaza Njati adakali m'njira kupalasa. Mphamvu anali nazo zambiri, koma nkhafi zinkangothyoka m'manja mwake. Ankafika anzake atakokola kale, n'kubwera ndi timatemba tosadzaza ndi chipewa chomwe. Zinkamupweteka mtima, ndipo ankaopa, chifukwa iye ankamukonda kwambiri Elube ndipo sankafuna kumusiya.

Tsono mukudziwa, ana inu, kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Mawu amadutsa mwa mwana, kapena amalumpha mpanda. M'mawa wina Njati akusoka ukonde kuseri kwa bango, anamva apongozi akutsokomola mbali inayo.

"Elube!"

"Wawa, amai."

"Bambo a kwanuko alipo?"

"Alipo, akusoka ukonde."

"Uwauze kuti nkhafi zatha pakhomo pano. Amalume akalamba, sangamapikisane ndi anyamata podalira manja. Apite kutauni akagule injini." Anatsokomolanso, n'kuwonjezera mokweza. "Koma akagule ya msinkhu wawo. Wamva? Ya msinkhu wawo."

Singano inagwa m'manja mwa Njati. Msinkhu wawo! Chibwerere pamudzipo apongozi anali asanamuyamikirepo ngakhale kamodzi, ndipo lero aona msinkhu wake. Anayang'ana uku ndi uku. Akatumbu onse ndi timisinkhu tolekeza m'mawondo, nanga wa msinkhu pakhomo pano angakhale ndani wina? Inu mwamva kale amene apongozi ankanena. Njati sanamve, pakuti munthu akaganiza kuti watamandidwa, khutu linalo limatsekeka.

Elube anazungulira mpanda. "Bambo, amai akuti..."

"Ndamva ndekha, mai. Makutuwa si okongoletsa mutu."

Tsiku lomwelo anakwera kumapiri, anagulitsa ngolo yake ija, n'kutsikira kutauni. Wogulitsa injini kumeneko anali Fisi.

"Takulandirani, bwana," anatero Fisi. "Boti lake ndi lotani?"

"Boti ndi boti. Ndionetse injini."

Fisi anamuonetsa zitatu. "Mphamvu ya injini, bwana, timaiwerenga ndi mahatchi. Kakang'onoka kali ndi mahatchi asanu ndi atatu. Yapakatiyi khumi ndi asanu. Ili pakonayo makumi asanu ndi limodzi, koma imeneyo ndi ya maboti achitsulo onyamula anthu ndi matumba a mpunga."

Njati anakola kainjini kakang'ono kaja ndi nyanga imodzi, n'kukanyamula m'mwamba. "Kameneka n'kachiyani? Kovundulira thobwa?"

"Kameneko ndiye koyenera boti la matabwa. Lanu linakhomedwa liti?"

"Mkazi wanga asanabadwe."

"Nanga thabwa la kumbuyo, lomangirirapo injini, mukalibaya ndi msomali limakana kapena limalola?"

"Sindinabwere kudzafunsidwa za matabwa. Kwathu ngolo ikamachedwa timawonjezera ng'ombe."

"Zoona, bwana, ngolo yake ikakhala yolimba. Yaikuluyo ndi yolemera, ndipo ikakankha imakankhira pathabwa limodzi lokhalo. Boti lokalamba silingapirire. Tengani kakang'onoka, mudzafika mochedwerapo pang'ono, koma mudzafika."

Ana inu, tsiku limenelo Fisi ananena zoona. Kaya anali atakhuta, kaya anali atadwala, ine sindidziwa, koma ananena zoona. Tsoka lake, mbiri inali itamutsogolera. Njati anaganiza mumtima kuti Fisi akakuletsa chinthu, ndiye kuti chabwino ndi chomwecho.

"Tamvera, Fisi. Ine ndatumidwa ndi apongozi anga. Anati ndigule ya msinkhu wanga."

Fisi anamuyang'ana kuyambira kuziboda mpaka kunyanga, n'kukanda kuseri kwa khutu. "Ngati anatero apongozi, ine ndine ndani? Kaimeni pafupi ndi yapakonayo tione."

Njati anakaima pamenepo, ndipo injiniyo inamufika pachifuwa penipeni. Anaisenza pamsana, mtima uli mbee, n'kuyamba ulendo wobwerera kunyanja.

Atafika, Elube anaiyang'ana injini ija, n'kugwira pakamwa. "Bambo, kodi amai anati iyiyi?"

"Anati ya msinkhu wanga."

"Wanu?"

"Wawo, anatero. Pakhomo pano wawo ndi ndani?"

"Komatu amai ponena zija ankanena za Ama..."

"Mai, za injini ndi za amuna. Inu konzani malichero oyanikira matemba, ndipo mukabwerekenso ena kwa anansi, chifukwa anuwo achepa."

M'mawa mwake mudzi wonse unatsikira kudoko kudzaona. Njati anaikweza injini ija pathabwa la kumbuyo n'kuimanga zolimba. Thabwalo linalira kuti kwee, ndipo kumbuyo kwa boti kunatitimira mpaka madzi anatsala pang'ono kulowa. Kenako mwiniwake anakwera n'kukhala komweko kumbuyo, pakuti woyendetsa amakhala pafupi ndi injini. Mphuno ya boti inaloza kumwamba ngati galu wopempha fupa.

"Achimwene," anatero Vuwo, "mukupita kunsomba kapena kukasaka mbalame?"

"Nsanje," anayankha Njati. "Mudzandipeza ndikubwerako."

Achule a m'bango, amene sachita manyazi ndi munthu, anayamba kuimba.

Amalume, Amalume, mwasenzanji lero?
Ndasenza mahatchi, mwana wanga, sanandifunse.

Mai Katumbu anali kumtunda, akusuzumira pa mpata wa mpanda. Ataona mphuno ya boti ili m'mwamba, anafuna kukuwa. Akanakuwa, Njati akanamva, chifukwa sipanali patali. Koma mpongozi wanji wokuwira mkamwini pagulu, anthu onse akuona? Mudzi ukanawaseka mpaka chaka chamawa. Choncho anasunga ulemu, n'kutuma mwana.

"Elube, thamanga! Ukawauze kuti Amalume sangathe."

Elube anathamanga mpaka kulowa m'madzi. "Bambo! Amai akuti Amalume sangathe!"

"Amalume anamwalira kalekale," anatero Njati. "Ukawauze amai kuti nkhawa asiye, mkamwini wawo alipo."

Anakoka chingwe. Injini inatsokomola. Anakokanso, ndipo inabangula moti mbalame zonse za m'bango zinauluka. Anapotokola chogwirira cha injini pang'ono, boti linadumpha. Anapotokolanso, linauluka. Anamudutsa Nkhanu. Anamudutsa Ng'azi, n'kumusiya atanyowa ndi mafunde. Anamudutsa Vuwo, n'kumukwezera chiboda chomutsanzika. Aa, ana inu, kunena zoona kanthawi kameneko kanali kokoma. Mphepo inkamuwomba m'mphuno, ndipo Njati anakondwa kuposa tsiku la ukwati wake.

Achule sanaleke.

Amalume, Amalume, mukuthamangira kuti?
Sindikuthamanga, mwana wanga, akundikankha.

Choyamba kutuluka zinali nsanza za m'ming'alu. Zinasololoka imodzi imodzi, madzi n'kuyamba kufwamphuka pakati pa matabwa. Njati anaona ziboda zake zikunyowa, ndipo nzeru ya kumtunda inamuuza kuti ukaona matope, menya ng'ombe udutse msanga. Anapotokola chogwirira mpaka kumapeto.

Misomali inayamba kuzuka. Thabwa la kumbuyo linalira kachiwiri, kenako linati phwaa, n'kuchoka lonse. Injini inatembenuka m'mwamba ndi thabwa lake, inagwera m'madzi, inabangula kamodzi, n'kuzimirira m'thope. Boti linatsala lopanda kumbuyo. Nyanja inalowa mosagogoda, matabwa a m'mbali anatambasuka, ndipo Amalume anakhala pansi pang'onopang'ono osadandaula.

Njati anatseka maso kudikira imfa. Koma Chilwa ndi nyanja yosazama. Ziboda zake zinagunda thope, madzi n'kumulekeza pakhosi. Anangoima pamenepo, mutu ndi nyanga zili poyera, matabwa akuyandama momuzungulira. Maboti amene anawadutsa aja anayamba kufika limodzi limodzi, phuphuphu, osafulumira.

"Takupezanidi mukubwerako," anatero Vuwo.

Nkhanu ndiye anangomuzungulira kamodzi ndi kainjini kake, n'kupitiriza ulendo wa kunsomba.

Njati anamira kufunafuna injini, koma thope linali litaimeza. Anatola matabwa amene anatha kuwapeza, anawakoleka panyanga, n'kuyamba kuyenda wapansi kubwerera kudoko. Anafika dzuwa lili paliwombo, thupi lonse lili thope lokhalokha. Anthu anamupatukira. Palibe amene anaseka tsopano, pakuti aliyense ankadziwa kuti banja la a Katumbu latsala manja ali m'khosi.

Elube anali atakhala pamchenga akulira. Pambali pake panaima mai Katumbu. Njati ataona chitenje cha apongozi, anakhota mwaulemu kuti apatukire m'bango monga mwa masiku onse.

"Usapatuke. Bwera kuno."

Njati anaima. Anayang'ana kumbuyo kuti mwina akuitana wina, koma kumbuyo kunalibe munthu. Anasendera, n'kutula matabwa aja pansi. Mai Katumbu anawerama, anasisita thabwa limodzi pamene panali madindo a sompho ya mlongo wawo, ndipo misozi inatsika. Kenako anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Njati m'maso mwenimweni.

"Iwe Njati, ndinati ugule injini yotani?"

"Munati ya msinkhu wanga, amai."

"Ndinati ya msinkhu wawo. Wa Amalume. Kodi injini ikanamangidwa pamsana pako?"

Kwa kanthawi kochepa, chitsiru, Njati anamvako kukoma kuti apongozi akulankhula naye maso ndi maso ngati mwana wawo. Kenako anamva Elube akuwonjezera kulira, ndipo anazindikira. Mkamwini sayang'anidwa kumaso. Mkamwini satchulidwa dzina, ndipo sanenedwa kuti iwe. Ngati mai Katumbu ankamuyang'ana chonchi, ndiye kuti pamaso pawo panalibenso mkamwini woti amuchitire manyazi.

"Amai," anatero Njati, "ndiloleni ndikhome lina."

"Amai ako ali kumapiri. Ukawapatse moni."

Anatembenuka, anagwira mwana wawo padzanja, n'kukwera naye kumtunda. Elube anacheuka kamodzi, koma dzanja la amai ake silinamasuke. Njati anatsala yekha padoko, thope likuuma pamsana, njira ya kumapiri ili patsogolo pake.

Nthano yanga ndaitula pamenepa, ana inu, nyamulani makoko a nzimbe anuwo. Koma ichi chokha mupite nacho: mphamvu imayezedwa pa msana wa amene adzaisenze, osati pa chifuwa cha amene akuigula.