Mlamu Wowotcherera ndi Fupa la Dalaivala

Dalaivala wa lole yonyamula mabokosi sankafuna kuchoka pachiwongolero, ngakhale mwendo wamanzere unkamuwawa ngati muli msomali. Akaponda kilatchi, misozi inkalengeza. Kuchipatala atamujambula anamuuza kuti abwere Lachitatu kudzamva zotsatira. Koma tsikulo kunali ulendo, ndiye anatuma mlamu wake, wowotcherera zitsulo, munthu wa pakamwa posatseka.

Dokotala anafotokoza mofatsa. M'fupamo munali kachotupa kochepa ngati mkanda, ndipo sikanali khansa. Chofunika chinali kungolowetsa singano pakhungu, nsonga yake n'kutentha kachotupako, basi. Anatinso mwiniwake abwere adzamve yekha. Koma mlamu atangomva za kutentha, maganizo anathawira kushopu kwake, zinazo zinangomudutsa.

"Alamu, sizili bwino," anatero atafika, chipewa chili m'manja. "Akuti akuwotchererani fupa. Ntchito imeneyi ndi yanga, ndimaidziwa. Chitsulo chenicheni chimapindika ndi moto, nanji fupa la munthu!"

"Ndiye mwendowu?"

"Ubwerako wokhota. Muzidzayenda ngati chitseko choguluka."

Dalaivala anathokoza, nalumbira kuti kuchipatala sakapondakonso. Mkazi wake analankhula mpaka malovu kuuma. "Bambo, achimwene angawa udokotala anauyamba liti? Pitani mukadzimvere nokha!" Koma dalaivala anangogula mafuta otikitira. Mwendo unkanyezimira bwino, ululu uli pomwepo.

Inatha miyezi inayi. Tsiku lina akutuluka pantchito, mwendo unakana kilatchi, lole inadumpha ngati chule n'kukagwetsa mpanda. Abwana anamulanda makiyi.

Poti ulendo wonamizira panalibenso, mkazi anamukokera kuchipatala. Madokotala anamugonetsa tulo, nagwira ntchito yawo. Atatsitsimuka anathamangira kuvundukula mwendo. Unali wowongoka, pali kapulasitala kosakwana chala. Tsiku lomwelo anabwerera kunyumba, ndipo sabata isanathe ululu unali utachoka osatsanzika.

Anapita kuntchito akuponda mwamphamvu kuti aliyense aone. Pageti anakumana ndi lole yake ikutuluka, pampando pali munthu wina amene anamuimbira hutala mwaulemu.

"Mwendo wachira eti?" anafunsa abwana, akuloza mulu wa mabokosi. "Zili bwino. Tayambani kunyamula awo."

Izi zinamupweteka kuposa fupa lija. Anasenza bokosi loyamba ndi miyendo iwiri yangwiro, manyazi ali tho, atamvetsa mochedwa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.