Chitenje cha Ukwati pa Maliro

Panali mayi wina telala amene ankakhala yekha kuseri kwa msika, pa boma lina. Anasoka zaka zambiri pakhonde la golosale. Kenaka maso ake anayamba kuchita nkhungu, nkhunguyo n'kumakula, mpaka tsiku lina kunja kunachera anthu ena onse kupatula iye. Kuchipatala anamuuza mosapsatira kuti sadzaonanso.

Analira, monga aliyense akanalirira. Misozi itauma anakumbukira kuti maso apita koma zala zatsala.

Anamangitsa chingwe kuchokera pakhomo mpaka kubafa ndi kuchimbudzi. Mchere ankausunga m'chitini, shuga m'botolo. Pothira madzi m'kapu ankapisamo chala, madzi akachikhudza n'kuleka. Sopo anali ndi malo ake, chipeso malo ake, mankhwala a m'mawa kumutu kwa bedi, a madzulo kumiyendo. Zovala nazo zinali ndi zizindikiro. Maso asanatheretu anasokerera timfundo ta ulusi pansonga ya chitenje chilichonse. Chakuda cha kumaliro chinali ndi mfundo imodzi yolimba, cha kutchalitchi timfundo tondondozana, cha kuukwati kamchira ka ulusi kolendewera. Akangopapasa pansonga ankadziwa chimene akuvala, ndipo ankatuluka m'nyumba ali wotchena kuposa ena openya.

Mwana wake Yotamu, amene ankagwira ntchito m'tauni, sankagona nazo tulo. Ulendo uliwonse nyimbo inali yomweyo: "Amayi, tiyeni mukakhale kwathu." Mayiyo ankakudziwa kumeneko: mpanda wa njerwa, geti lokhoma, mpando umodzi pabalaza, wantchito wokutengera madzi kubafa ndi kukusankhira chovala. Kumeneko ankakuopa kuposa mdima. Pomaliza anapangana kuti akhalebe pakhomo pake malinga ngati akutha kudzisamalira, koma tsiku limene adzalephere, galimoto idzabwera.

Tsono panali mlamu wake, a Nachanza, mkazi wa mlongo wake, munthu wa mtima wabwino ndi manja osakhazikika. Anthu otere tili nawo ngakhale muno. Akabwera kudzakuonani amasesa ndi pamene mwasesa kale. Sabata ina mayi uja anagwidwa malungo, ndipo a Nachanza anabwera kudzamudwazika. Anaphika phala, anakolopa, anachapa zovala zonse. Posita anaona timaulusi tija pansonga za zitenje. Anadziuza kuti n'zochititsa manyazi telala kuvala nsalu zolendewera ulusi. Anatenga lezala n'kudula tonse mosamala, zitenjezo n'kuzisanja m'sutikesi mmene iwo anaonera kuti zikukongola. Sananene kanthu, poti ntchito yabwino saiimbira lipenga.

Malungo atangotha kunagwa maliro kwa oyandikana nawo. Mayi uja anasamba, natsegula sutikesi. Anapapasa nsonga yoyamba, yosalala. Yachiwiri, yosalala. Zonse zinali chimodzimodzi. Kusiwa nyimbo zinali zitayamba kale, ndipo woyandikana naye sachedwa pamaliro. Anakumbukira kuti chitenje chakuda amachiika pansi penipeni. Anasolola chapansicho, navala, natenga ndodo yake.

Analowa m'nyumba ya siwa atavala chitenje chofiira cha maluwa achikasu, chojambulidwa mphete ziwiri ndi mawu ofunira akwati zabwino zonse. Nyimbo inatsika. Wina anatsokomola. Mayi wina anamufunditsa nsalu yake mwakachetechete, namunong'oneza chimene wavala. Telala uja anachita manyazi aakulu, osadziwa koloza nkhope. Ndipo nkhani ya pamaliro siyenda pansi. Dzuwa lisanalowe Yotamu anali ataimba kale foni kuti Loweruka akubwera ndi galimoto.

Mayiyo anadziwa amene wagwira m'sutikesi. Apa panali njira ziwiri. Akanena, akhumudwitsa munthu amene anamupukuta thukuta pa malungo, ndipo anthu adzati wosaona uja ndi wosayamika. Akakhala chete, ubale usungika koma nyumba yake ithera pomwepo. Anaganiza kwa nthawi, kenaka anaitanitsa mlamu wake, nakhala naye awiriwiri pamphasa.

"Alamu, munandidwazika bwino, Mulungu akudalitseni. Koma timaulusi munadula tija ndiwo anali maso anga."

A Nachanza anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndapalamula. Patseni singano ndisokerere tonse pompano."

"Ayi, alamu. Inu mungondibwereka maso. Muzindiuza kuti ichi n'chakuda, ichi n'chofiira. Manja ndili nawo."

Mayiyo anatulutsa kawaya kopyapyala kopinda pakati kamene ankalowetsera ulusi pasingano, nayamba. A Nachanza ankakweza chitenje n'kutchula mtundu, mwini wake n'kumanga mfundo. Ntchitoyo inkayenda pang'onopang'ono, moti a Nachanza anachita kukhalira manja awo kuti asatsomphole singanoyo. Tsiku limenelo, kwa iwo, ntchito yolemetsa inali imeneyo.

Loweruka Yotamu anafika. Anapeza mayi ake atasamba, atapesa, tiyi ali patebulo, sutikesi ili pakhonde. Anaganiza kuti alongeza. Atapatsana moni, mayiyo anatsegula sutikesiyo nati, "Tchula chitenje chilichonse." Anatchula cha kumaliro, chinatuluka. Anatchula cha kutchalitchi, chinatuluka. A Nachanza anafotokoza okha za lezala lija, maso ali pansi.

"Ndipo batani la pamkono wa malaya akowo lathothoka," anatero mayiyo. "Ndalimva pokupatsa moni. Vula ndikusokere."

Madzulo galimoto inabwerera m'tauni ndi munthu mmodzi, atavala malaya a mabatani okwanira.

Abale ndi alongo, a Nachanza sanali munthu woipa. Ankakonda, ndipo ankakonda ndi mtima wonse. Koma chikondi chosafunsa chimayenda ndi lezala m'manja. Timalowa m'nyumba ya wodwala, ya wokalamba, ya wosaona, n'kuyamba kukonza zimene sitikuzidziwa, kenaka munthuyo akaphunthwa timati taonani, sangathe yekha. Taonani mmene Mulungu amatithandizira ife. Amakhala nafe pamphasa, amatiuza kuti ichi n'chakuda, ichi n'choyera, koma singano amatisiyira m'manja. Nafenso tikathandize chomwecho. Tisanadule kanthu m'moyo wa mnzathu, tiyambe tamufunsa kuti kameneka n'ka chiyani. Munthu amene matenda amulanda maso, ife tisakamulandenso manja.