Bokosi la Amayi Elesi

Paison Tembo anali ndi shopu ya simenti ndi malata m'tauni ya Chipata, ndipo mawu akuti "ndili bize" sankachoka pakamwa pake. Amayi ake, a Elesi, atayamba kuvutika ndi miyendo, anakawasiya kunyumba yosungirako okalamba ya mayi Molly, panjira ya ku Tamanda. Chiwasiyireni, phazi lake silinapondekonso.

"Kodi amayi simukawaona?" ankafunsa mkazi wake Rabecca.

"Boyd amadutsa komweko tsiku ndi tsiku. Maso ake ndi anga."

Boyd anali dalaivala wa minibasi, munthu wothamangira makasitomala ngati nkhuku yoona ngumbi. Kuzonda kwake kunali kuimika galimoto pageti, kutulutsa mutu pawindo, n'kufunsa amayi ogulitsa nthochi. Mayi Molly akaimba foni, Paison ankangoti, "Muuzeni Boyd," n'kudula.

Tsiku lina Boyd anabwera ndi uthenga woti agogo atupa bondo. "Akuwamenya amenewo," anatero Paison. "Mwezi ukatha ndikawaonetsa." Mwezi unatha, unzake n'kutsatira. Kenaka Boyd anatulukira pashopu, chipewa chili m'manja.

"Bwana, limbani mtima. Pageti akuti agogo aja atisiya."

Paison analira mpaka anyamata onyamula simenti anagwetsa nawo misozi. Chisoni chitasanduka ukali, anapeza loya, anagula bokosi lonyezimira, n'kukweza amayi a kwaya ya ku Kapata palole.

"Imbani kaye foni mumve bwino," anachonderera Rabecca.

"Ndiyankhule ndi wakupha? Tikaonana kukhoti!"

Lole inafika panyumba paja nyimbo zamaliro zili pakamwa. Okalamba amene ankaothera dzuwa pakhonde anayang'anana, aliyense kuwerenga anzake kuti wachoka ndani. Paison analumpha, chala chili m'mwamba.

"Mayi inu, munayamba n'kuwathyola bondo, lero mwawapha! Loya ndi uyu. Tulutsani mtembo!"

Mayi Molly anapukuta manja pachitenje, osatekeseka.

"Bambo Tembo, kutisiya atisiyadi. Anakwatiwa."

Kwaya inadukira pakati pa vesi.

"Anakwatiwa ndi a Petulo, telala wakale amene tinkasunga konkuno. Ana awo a bambowo anabwera kudzawatenga onse awiri. Bondolo anatupa povina chitelele pachinkhoswe. Ine ndinkaimba foni kuti mudzadye nawo, inu n'kumati ndiuze Boyd. Boydyo ndimuuze bwanji, munthu wosazimitsa injini? Tsono mwanditcha wakupha pamaso pa anthu onsewa. Nanga a loya, mlandu umenewo mumautcha chiyani?"

Loya anakhosomola, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi kasitomala wina kutauni. Paison anagwada pafumbi, thalauza lapamwamba lili m'thupi, n'kupepesa mokweza mpaka agogo ogontha nawonso anamva.

Kumudzi kwa a Petulo lole inalowa mwakachetechete. Anapeza a Elesi atakhala pamphasa akusenda mtedza, nkhope ili see, amuna awo akuwasokera bulauzi pakhonde.

"Amama!" Paison anagwa pamapazi awo.

A Elesi anamuyang'ana, anayang'ana amayi a kwaya, kenaka bokosi lija.

"Paison, ndiwe? Ndimayesa unasamukira kunja. Ndili moyo, ndalama ya basi inkakusowa, koma mtembo wanga waulembera lole yathunthu!"

"Ndinamva kwa Boyd, amama."

"Boyd ndinamubereka ine?"

 Mayiwo anamusiya Paison atuluke thukuta pang'ono, kenaka anamukankhira lichero.

"Khala pansi, uzisenda. Apa ndi abambo ako atsopano, uwapatse moni. Bokosilo tsitsani, lili ndi chivindikiro chabwino. Makoswe atisautsa pamtedza."

Amayi a kwaya anasintha nyimbo, n'kuyamba zaukwati. Pobwerera, Rabecca anali pambali pa mwamuna wake mulole. Anangoyang'ana panja n'kuponya mawu amodzi, mawu amene anthu a ku Kapata amamulonjera nawo Paison mpaka lero: kandimverere anakanena za m'maluwa.